Ng'oma ya Tukiya

Tchera khutu, iwe. Ng'oma yanga imalira usana ndi usiku, koma woimba saoneka. N'chiyani? Wagonja? Gwira pachifuwa pako!

Tukiya ankakhala ku Chowa, pafupi ndi mgodi wakale. Ankafuna kulumpha chingwe ndi anzake. Koma ankatopa msanga. Ankangokhala pafumbi, n'kumayang'ana.

Mlongo wake Daliso anabadwa ndi mtima wobooka. Daliso anamwalira. Tinsapato take tinali tikadali pakhomo.

"Amayi, nanenso mtima wanga ndi wobooka?"

Amayi anapukuta maso ndi chitenje.

Kenako kunabwera amalume, a Wiseman, kondakitala wa minibasi. Pakamwa pawo, mayo ine!

"Tiyeni kuchipatala, akaunike mtima pa sikani!" anatero. "Makina aja ndimawadziwa. Amaona zonse, ngakhale chitumbuwa chimene unaba dzulo. Usaope. Ine sindiopa kanthu!"

Kuchipatala, Tukiya anagona pabedi. Adokotala anamupaka mafuta ozizira pachifuwa. Anayendetsapo kachipangizo. Sikanali kopweteka. Pa TV panaoneka mtima. Du-du! Du-du!

"Ona zipinda zinayi," anatero adokotala. "Ona zitseko. Zikutseguka, zikutsekeka. Palibe bowo."

Amayi analira. "Nanga mwana wanga akutoperanji?"

"Mayi, makina awa amaonetsa mmene mtima ulili. Saona zobisika m'magazi. Fumbi la kumgodi lili ndi mtovu. Mtovu umadwalitsa ana. Tipime magazi."

Anesi anabwera ndi kasingano. Tukiya anabisa dzanja.

"Kameneka?" anatero amalume. "Yambani ndi ine, mwana aone mwamuna!"

Anesi anawabaya chala. Kunatuluka kadontho kamodzi. Amalume anakayang'ana. Maso tembenu! Pansi khu!

Tukiya anapereka chala chake. Sanalire.

Mtovu unapezekadi.

"Uwu tili nawo mankhwala ake," anatero adokotala. "Uzisamba m'manja. Usamakhale pafumbi. Chingwe udzalumpha."

Amayi anamukumbatira. Anamvera ng'oma ija ndi khutu lawo. Du-du! Du-du!

Amalume anatsegula diso limodzi. "Ndimangopumula," anatero.

"Adokotala," anatero Tukiya, "ikani makina pa amalume. Mwina mtima wawo wathawira ku Chowa!"

Anesi anaseka. Adokotala anaseka. Amayi nawonso anaseka, koyamba chichokere Daliso.