Mapiritsi a M'bokosi la Ulusi

Mayi wina anatsika basi yochokera mumzinda wa Plovdiv Lachiwiri m'mawa, atanyamula kachikwama kofiirira. Anaima pageti la a Ginka osagogoda, maso ali pamatewera omwe anayanikidwa pachingwe.

"Mukufuna ndani?" a Ginka anafunsa ali pakhonde, manja ali mbuu ndi ufa. "Muno muli khanda. Mlendo salowa, mayi wa mwana satuluka, mpaka masiku makumi anayi akwane. Kwanu kulibe mwambo?"

Mlendoyo anawoloka msewu n'kukakhala pabenchi.

Bilyana, mwana wa a Ginka wa zaka khumi ndi zinayi, ankamuonera pazenera, koma mtima unali kwina. Mlamu wake Nevena anali ndi matenda ogona mwadzidzidzi. Tulo tinkamugwira ngakhale ali chiimire, ndipo akaseka kapena kudzidzimuka, thupi linkalefuka. Atatenga pakati, dokotala anamusiyitsa mankhwala. Mwamuna wake, mchimwene wa Bilyana, anali kutali kuntchito. Dzulo lake, Bilyana anawakha khanda likutsetsereka m'manja mwa Nevena, yemwe anagona ali mkati moyamwitsa.

Nevena atadzidzimuka, anatsegula bokosi la ulusi n'kumuonetsa mapiritsi akale.

"Mawa ndiyambiranso kumwa. Usawauze amayi."

"Nanga akalowa mumkaka, alamu?"

"Sindikudziwa!" Nevena anayankha akusisita chipsera chakale cha pamkono pake. "Ndikamwa ndikuopa mkaka wanga. Ndikapanda kumwa ndikuopa manja angawa."

A Ginka sakanamva zimenezo. Kwa iwo mankhwala onse anali poizoni kwa mwana, ndipo tuloto unali ulesi. Analinso ndi kampeni kumphasa chifukwa Nevena anatcha mwanayo dzina la mayi ake omubereka, omwe sankawakumbuka n'komwe, m'malo mwa dzina lawo.

Bilyana atatumidwa kukagula buledi, anakhotera pabenchi paja.

"Mwanayo ali bwanji?" mlendo anafunsa motsitsa mawu. "Dzina lake ndani?"

"Zornitsa."

Pomwepo mutu wa mayiyo unagwera pachifuwa, kachikwama n'kupulumuka m'manja. Maso anali otsegula koma thupi linali lende. Patapita kamphindi anawongoka.

"Inunso muli nawo matendawa?" Bilyana ananong'ona. "Ngati a alamu anga?"

"Kuyambira ndili mtsikana. Kwathu panthawiyo analibe dzina, ankangoti ndine chidakwa. Ndinkabisa. Tsiku lina ndinagona nditanyamula mwana wanga pafupi ndi mbaula, mwanayo n'kupsa mkono. Apongozi anandithamangitsa, ndipo manyazi ananditsekera njira yobwerera."

Bilyana anaulula za mapiritsi aja.

"Asamwe mongoganizira, komanso asangokhala," mayiyo anatero. "Mankhwala ena amalowadi mumkaka. Woyeza zimenezo ndi dokotala, osati mantha. Apite lero."

Bilyana anabwerera opanda buledi. Anatenga mapiritsi m'bokosi muja n'kuwaika patebulo pomwe amayi ake ankakanda ufa.

"Bilyana! Unalonjeza!" Nevena anafuula ali pakhomo.

"Mundide, alamu, koma ndinena. Amayi, dzulo Zornitsa akanagwera pansi. Ndinamuwakha ndine. Alamu akufuna kumwa awa mobisa chifukwa inu mwatseka chitseko."

"Kamwa ngati wailesi!" a Ginka anakalipa. "Atsala masiku makumi awiri okha. Ine ndinabereka atatu, sindinatulukepo."

"Inu simunkagona mwana ali m'manja. Masikuwo n'ngoteteza mwana, si choncho? Ndiye akagwa mawa, mudzapitiriza kuwerengera ndani?"

A Ginka anayang'ana mapiritsi, kenako manja a Nevena. Anavula epuloni.

"Bweretsa bulangete lalikulu," anatero. "Mwana ndinyamula ine. Aneba akafunsa, uwauze kuti ayang'ane mapoto awo."

Kuchipatala, dokotala anamvetsera zonse osawadula mawu. Anasunga mapiritsi akale aja, n'kuimbira katswiri wa matendawo kuti amuone Nevena Lachisanu ndipo asankhire limodzi chomuyenera iye ndi mwana. Podikira tsikulo, anati aziyamwitsa pamatiresi apansi wina ali pambali, azigonako masana, ndipo asasambitse mwana yekha.

"Wokhala pambaliyo ndine," a Ginka anatero msanga. "Tuloto ndinkatiyesa ulesi, mwananga."

Pobwerera dzuwa linali litapendeka, koma mlendo uja anali akadali pabenchi. Bilyana anagwira mlamu wake dzanja n'kumukokera komweko.

"Alamu, amene ananditsegula pakamwa ndi awa."

"Zikomo, amayi," Nevena anatero. "Koma mwakhala pano tsiku lonse, osadya. Mukudikira ndani?"

Mayiyo sanaimirire, poopa kuti thupi lingalefukenso. Anatambasula dzanja n'kukhudza chipsera cha pamkono wa Nevena ndi nsonga za zala, pang'onopang'ono, ngati chikadali chopweteka.

"Ndinu ndani?" Nevena anafunsa.

Mayiyo anayang'ana khanda lomwe linali m'manja mwa a Ginka.

"Dzina langa unampatsa kale uyo," anatero. "Ndine Zornitsa."