Tinkhanu Tachitsulo pa Sitima ya Nthanda

Kaloboti kooneka ngati nkhanu kanatola chigoba cha nkhono pamchenga, n'kuchiphwanya ndi timanja take, n'kuchimata pakhoma ngati mmisiri wopaka simenti. Pamwamba pake kanabzalapo kamphukira kofiira, kenaka kanathamangira kwina kukafuna chigoba china. Uku ndi uku kunali tinzake tambirimbiri, tonse tili pikitipikiti pansi pa nyanja yamchere, kufupi ndi doko la Nacala.

Timaloboti timeneti anthu ankangoti tinkhanu. Ntchito yake inali kudzutsa makorali, tizamoyo tomwe timamanga matanthwe okongola pansi pa nyanja, momwe nsomba zimaswerana komanso pomwe mafunde amathera ukali asanafike m'midzi. Madzi atatentha kwambiri m'zaka zam'mbuyomo, makorali ambiri anafa n'kutuwa ngati phulusa. Tinkhanu tinaphunzitsidwa kutola chilichonse chokhala ndi laimu, kumangira maziko, ndi kubzalapo makorali opirira kutentha.

Yemwe anapanga tinkhanuti anali Dokotala Tasiyana Mtambalika, wochokera ku Ntcheu. Koma m'mawa umenewo anapita panyanjapo osati kukayendera ntchito. M'boti munali mayi ake, a Nasimango, mayi wa imvi mbuu, amene chibadwire anali asanasambirepo ngakhale mumtsinje wa Rivirivi kwawo.

Amuna awo, a Layisoni, ankagwira ntchito ku injini ya sitima yotchedwa Nthanda, imene inkanyamula chimanga m'chaka cha njala. Namondwe anaikankhira sitimayo pathanthwe. Omwe anali pamwamba anapulumuka, koma amuna atatu a ku injini, kuphatikizapo a Layisoni, anamira nayo. Nthawi imeneyo n'kuti a Nasimango ali oyembekezera. Kumudzi anaika m'manda thunthu la nthochi, monga amachitira maliro akasowa mtembo, ndipo mwana atabadwa anamutcha Tasiyana.

Patapita zaka, akatswiri ena anajambula chipinda cha injini kudzera pawindo, mafupa akuoneka ali m'matope. Chilolezo chokawatenga chinachedwa kwambiri. Pomwe chinkatuluka, mwana uja anali atakula n'kukhala mayi wa ana ake, ndipo madokotala anali atawauza a Nasimango kuti mtima wawo watopa. Abale a malemu anali atakhoma kale bokosi, akudikira ku Ntcheu.

"Amayi, bwanji mungokhala m'boti muno? Zonse muziona pagalasi ili," anatero Tasiyana.

"Pagalasi ndinawaona kale. Anapita ndili ndekha pakhomo, ndikawatenga ndi manja angawa."

Tasiyana sanalimbane nawo. Anawaveka chipumiro. Kale anthu olowa pansi pa nyanja ankabereka mathanki olemera a mpweya, koma chipumiro chinali chigoba chagalasi chopepuka, chophimba nkhope yonse, chimene chinkasefa mpweya kuchokera m'madzi momwemo monga zichitira nsomba. Chinkamvetsera kugunda kwa mtima, chinkachenjeza pakakhala vuto, ndipo anthu ovala zipumiro ankatha kucheza ngati ali pakhonde. Chovala cham'thupi chinali ndi timapiko tomwe tinkamuyendetsa munthu wosadziwa kusambira.

Madzi atawatseka pamutu, a Nasimango anafinya dzanja la mwana wawo.

"Mayo ine! Ndikumira!"

"Simukumira, Amayi. Pumani ngati muli kudimba."

Anapuma kamodzi, kawiri. Kenaka anatsegula maso. Pansi pawo panali munda womwe sanaulotepo. Makorali ena anali ngati nyanga za mbawala, ena ngati bowa, ena otambasuka ngati lichero, ofiira, achikasu, obiriwira. Tinsomba tamawangamawanga tinkadutsa pamaso pawo mosaopa, ndipo kamba wamkulu anawalambalala mwaulemu.

"Iwe Tasiyana, zonsezi wadzala ndiwe?"

"Ndi tinkhanu tanga, Amayi."

"Ndiye unkabwera kwathu n'kumangoti ntchito ikuyenda. Osanena kuti ukulima maluwa pansi pa madzi?"

Tasiyana anaseka, koma kusekako sikunakhalitse. Kutsogolo kwawo kunayamba kuoneka chinthu chachikulu chakuda, chogonera nthiti imodzi. Inali Nthanda. Dzimbiri linali litaidya, zingwe zake zili lendelende, ndipo makorali anali ataikwera mpaka theka. Dzina lake linkawerengekabe pang'ono kumphuno.

A Nasimango anaiyang'anitsitsa sitimayo. "Bambo ako ankati ndi yaikulu kuposa tchalitchi chathu," anatero. "Ndinkati akunama."

Anatsikira kumunsi, kumene kunali chipinda cha injini. Tasiyana anali atanyamula chida chodulira zitsulo, koma sichinafunike. Dzimbiri linali litaboola kale khoma, bowo loti munthu n'kulowa. Anayatsa nyale, n'kulowa, mayi ake ali pambuyo.

M'chipindamo munali mosesa bwino. Injini inalimo, mapaipi analimo, ngakhale nsapato imodzi yamphira. Mafupa munalibe.

"Mwina si chipinda chake," anatero a Nasimango.

"Ndi chomwechi, Amayi."

Pomwepo kankhanu kamodzi kanatuluka kunsi kwa injini, katapanira kanthu koyera m'timanja take. Kanadutsa pakati pa miyendo yawo osawalabadira, n'kutulukira pabowo paja. Tasiyana anakazindikira kanthu koyerako. Iye mwini ndiye analemba lamulo loti tinkhanu tizitola chilichonse chokhala ndi laimu. Polemba ankaganiza za zigoba za nkhono ndi makorali akufa. Sanakumbukire kuti fupa la munthu nalonso lili ndi laimu.

Anakatsatira kankhanu kaja mpaka pakhoma lalitali la makorali lomwe linamera pambali pa sitimayo. Kanaphwanya kanthu kaja, kanamata, kanabzala kamphukira, kanapita. Tasiyana anaunika khomalo. Mafupa ambiri anali ataphwanyidwa, koma akuluakulu tinkhanu tinawaika athunthu ngati mizati. Apa pankaoneka nthiti, apo msana, zonse zitakutidwa ndi makorali amoyo.

A Nasimango anasendera pafupi. Pakati pa nthambi zofiira panatulukira fupa la mwendo, ndipo pafupapo panali kachitsulo kosachita dzimbiri, komangidwa ndi timisomali.

"Awa," anatero chapansipansi. "Anagwa panjinga tili pachibwenzi, akubwera kwathu. Achipatala anawaika chitsulo. Kukazizira ankatsimphina."

"Amayi, ndikhululukireni." Tasiyana anatembenukira kwa mayi ake. "Bambo anga sindinawaonepo, ndipo lero ndapeza kuti makina anga awasandutsa njerwa. Ndingathe kulamula tinkhanu kuti tigumule. Tichotsa zomwe tingapeze."

"Mukagumula, maluwawa atani?"

"Afa. Mwina khoma lonseli ling'aluka."

"Nanga anzawo awiri aja?"

"Asakanikirana, Amayi. Palibe angawasiyanitse."

Mwadzidzidzi chipumiro cha a Nasimango chinalira, ndipo timawu tamakina tinamveka m'makutu mwa onse awiri: "Chenjezo. Madzi amchere alowa m'chipumiro." Tasiyana anawagwira mutu mwamantha, akufufuza pomwe pang'ambika.

"Tandisiya, mwanawe," anatero mayi ake. "Kauze kachinthu kako kuti ndi misozi."

Anapinda mawondo pamchenga monga agwadira mkazi pasiwa, n'kuika dzanja pafupi ndi kachitsulo kaja. Kansomba kabuluu kanatuluka kuseri kwa fupalo, kanawayang'ana, n'kubwereranso m'kati.

"Bambo a Tasiyana," anatero. "Dzina limeneli simunalimvepo, koma ndi lanu. Ndabwera ndi mwana wanu. Ndi uyu, wakumangirani nyumba osadziwa. Ine ndimati muli mumdima nokhanokha, ndiye chifukwa chake sindinkagona. Kani muli ndi anzanu, pabwalo pali ana piringupiringu." Anapuma movutikira pang'ono. "Sindikusamutsani. Khalani."

"Nanga kumudzi tikanena chiyani, Amayi? Atikalipira."

"Akalipire ine. Mkazi wawo ndine."

Chipumiro chinachenjezanso, ulendo uno za mtima, ndipo Tasiyana anawakweza pang'onopang'ono kupita kumwamba, atawakumbatira m'chiuno.

Ku Ntcheu mawu anachuluka. Achimwene a malemu anakhala miyezi osawalonjera a Nasimango, mpaka pomwe anaona okha zithunzi za khomalo. Tasiyana anasintha lamulo la tinkhanu m'nyanja zonse momwe tinkagwira ntchito, ndipo pofufuza anapeza kuti pa sitima zina zakale tinali titachitanso chimodzimodzi. Anayenda yekha kukauza mabanja omwe anatha kuwapeza. Ena anamutukwana, ena anapempha chipumiro. Asodzi a m'mbali mwa Nacala, atamva nkhaniyi, analeka okha kuponya maukonde pa Nthanda, ndipo akamadutsa pamalopo amazimitsa injini.

A Nasimango anamwalira mvula yotsatira isanagwe, ali m'tulo. Tasiyana amapitabe kukhoma lija, ndipo chaka chilichonse amapeza kuti lakwera pang'ono. Manda onse amene anawaonapo amatitimira zaka zikamapita, koma a bambo ake okha ndi amene akukula.