Dzanja Lamanzere la Kamphepo

Mkombero unagwa pansi n'kugubuduzika mpaka kukagunda khoma la holo. Nyimbo inazimitsidwa. Kamphepo anaima pakati pa kapeti, thukuta lili kamukamu. Pa atsikana onse ochita masewera ovina ndi mkombero, mpira ndi riboni, iye ndiye ankatchuka.

"Kumpikisano supita," anatero kochi wawo, mayi wamfupi wosadziwa kunyengerera. "M'malo mwako apita Nyerere."

"Nyerere?" Kamphepo anakuwa. "Wouma msana ngati thabwa uja? AKochi, ndani muno amapinda thupi kuposa ine?"

"Palibe. Koma dzanja lako lamanzere lili ngati lobwereka. Ndakuuza kangati kuti uziliphunzitsa? Umangobwereza zomwe umatha kale kuti anzako akuombere m'manja."

Mawuwo anamulasa mtima. Anatola mkombero uja ndi dzanja lamanzere lomwelo.

"Onani tsono!"

Anauponya m'mwamba ndi ukali wonse, n'kudzigubuduza pakapeti kuti akauwakhe. Koma mkombero unalowera kwina. Unakatera pakamwa pa kamtsikana kongoyamba kumene, kamene kanakhala m'mbali. Magazi anachucha, mwanayo n'kulira mokweza.

"Nanga iyenso amakhaliranji pamenepo?" anatero Kamphepo.

Kochi sanamuyang'ane n'komwe. Ananyamula mwanayo.

"Tuluka. Udzabwere nzeru zikabwerera m'mutumo."

Kunyumba Kamphepo anamenyetsa chitseko, chakudya osachikhudza. Mkulu wake atamufunsa chavuta n'chiyani, anamulalatira ngati ndiye wolakwa. Koma akangotsinzina ankaona magazi aja.

M'mawa mwake analawirira kuholo kuti akatenge chikwama chake, masewerawo awasiyiretu. Anapeza chitseko chili chotsekula. Nyerere anali yekhayekha, popanda nyimbo, akuponya mkombero ndi dzanja ili, kenako linalo. Ukagwa ankangoutola n'kuyambiranso. Zala zake zinali mapulasitala okhaokha.

"Umabwera nthawi ino tsiku lililonse?" anafunsa Kamphepo.

"Nanga nditani? Ine si iwe. Thupi langali silimva msanga."

Kamphepo anayang'ana zikhatho zake zosalala.

"Mwana uja ali bwanji?"

"Amusoka mlomo. Akuti sabweranso, akuopa."

Kamphepo anafunsa kumene mwanayo amakhala, Nyerere n'kumulongosolera njira.

"Ndikamuona ndikaweruka kusukulu," anatero Kamphepo, akuika chikwama pansi. "Koma poyamba tandionetsa mmene umagwirira ndi lamanzere."

Nyerere anamupatsa mkombero n'kumukonza chigongono. Kamphepo anaponya, unagwa. Anaponyanso, unagwanso. Panalibe womuombera m'manja. Anawerama n'kuutola.