Dzina Lomaliza pa Chikwangwani cha pa Mlatho

Wolemba zikwangwani anatseka shopu yake usiku utapita, manja ali penti yekhayekha. Mawa lake tauniyo inkatsegulira ulendo woona mbiri yakale: mlendo azingotenga kapepala, n'kumadziyendera yekha, akuwerenga chikwangwani pamalo aliwonse. Zonse zisanu ndi ziwiri analemba ndi iye, ndipo mkuluyu, kunena zoona, ankadzimva.

Chomaliza chinali pa mlatho wakale, panjira yake yopita kunyumba. Mayi wa ku laibulale anali atamupatsa mayina khumi ndi atatu a amisiri amene anakokoloka ndi madzi akumanga mlathowo. Malo atachepa, iye anasiya dzina lomaliza n'kuikapo lake, kuti alendo adziwe mwini luso. Akanawerenga ndani?

Pa mlathopo anapeza munthu ataima pachikwangwanicho. Bambo wamfupi, wa ovolosi, dzanja lamanja lopanda chala chachikulu.

"Mwafulumira, bambo. Ulendo ukuyamba mawa."

Munthuyo sanacheuke. Ankaloza mayina limodzilimodzi, akuwerenga chapansipansi. Zovala zake zinkachucha madzi, chonsecho mvula inali italeka kalekale.

"...khumi ndi awiri. Khumi ndi atatu." Chala chinaima pa dzina la wolembayo. "Ameneyu ndinu?"

"Ndine."

"Ndiye mwatenga malo anga. Palibe kanthu. Pansi apa timaitana mayina usiku uliwonse. Lero muyankha ndinu."

Kunsi kwa mlatho kunamveka nyundo... go! go! Kenako mawu, akuitana mayina. Loyamba. Wina anavomera. Lachiwiri...

Wolembayo anacheuka. Munthu uja palibe! Panangotsala chithaphwi.

Anathamangira ku shopu, n'kubwerera ndi burashi, tochi ndi pepala la mayina lija. Kunsi kuja anali atafika lakhumi. Anafufuta dzina lake. Lakhumi ndi chimodzi... Analemba la mwini malo, mothamanga, zilembo zikukhotakhota. Lakhumi ndi chiwiri... Atamaliza chilembo chomaliza, wina anavomera m'madzimo, nyundo n'kusiya.

M'mawa mayi wa ku laibulale anaima pachikwangwanicho atagwira m'chiuno.

"Achimwene, mzere womalizawu mwalemba ndi phazi?"

Maso a wolembayo anali pa chithunzi chakale cha amisiri chimene mayiwo ananyamula kuti aonetse alendo. Kumapeto kwa mzere kunaima bambo wamfupi, wa ovolosi.

"Wopanda chalayu ndiye mwini dzinalo," mayiwo anatero. "Papita zaka makumi asanu ndi limodzi. Anzake onse anapezeka n'kuikidwa, koma iye sanaoneke. Alibe manda. Dzina lake lili pano pokha."