Mfuti ya Dyna Inali Yaitali

Tsiku limene Dyna anakumana ndi Leston, phewa lake linali litatupa, lakuda bii.

Dyna anali mtsikana wa ku Chinsapo, wamfupi, ndipo ankaphunzira ulonda pa kampani ina ku Biwi. Mayeso onse anakhoza kupatula owombera. Mfuti imene anamupatsa, shotigani yolemera, inkamumenya phewa ngati bulu, machaka n'kumangomwazikira kutchire. Mphunzitsi sanapite m'mbali: akalepheranso Lachisanu, abwerere kwawo.

Analowa m'chipinda chosungira mfuti misozi ili lengelenge.

"Achemwali, mfutiyo yakulakwirani chiyani?" anafunsa Leston, amene ankakonza mfuti za kampaniyo.

"Ndine mbuli basi. Sinditha."

"Taigwirani ndione."

Anaitsekula, n'kumuonetsa kuti mulibe chipolopolo. Dyna anaiika paphewa. Chala chinkachita kuvutikira kuti chifike pa kachitsulo kowombera, khosi atalisolola ngati nkhuku yomwa madzi.

"Vuto si inu," anatero Leston. "Thabwa lakumbuyoli anasemera chimunthu chachitali. Mukuchita kuithamangitsa mfutiyi."

Anatenga tepi n'kuyeza kuyambira pachigongono mpaka pachala. Kenako anamuuza kuti agoneke tsaya pathabwapo, iye n'kusuzumira kuti aone pamene diso lagwera.

"Diso latsika kwambiri. Koma diso limeneli, achemwali, likhoza kugwetsa munthu popanda chipolopolo!"

Dyna anaseka, koyamba sabata imeneyo.

Abwana atavomera, Leston anadula thabwalo ndi macheka, kuchotsapo zala ziwiri. Anasalaza ndi sandipepa, anamangirira labala wofewa kumapeto, pogona tsaya n'kukwezapo ndi chikopa. Katatu konse Dyna anabwera kudzayesa, ndipo ulendo uliwonse dzanja la Leston linkachedwa kuchoka pachigongono chake.

Lachisanu mfuti inakhala paphewa ngati anabadwa nayo. Phuu! Chandamale chinaboweka pakati penipeni. Ntchito inapezeka!

Madzulo ali mu minibasi, foni inalira. Unali uthenga wochokera kwa Leston.

"Wawombera bwino lero, Ngelo wanga. Koma woyamba kugwa ndinali ine."

Mtima wa Dyna unadumpha. Ndani anamutchulapo ngelo chibadwire?

Miyezi isanu inatha ngati madzi. Loweruka ankadya chipisi limodzi pa Biwi, Leston akumupatira mchere ndi tsabola. M'mawa uliwonse uthenga unkafika: "Wadzuka bwanji, Duwa la ku Chinsapo?" Kunyumba kwake ku Kawale kokha ndiko sankamutengera. Ankati akukhala ndi mlongo wake wolusa, wa mapemphero.

"Ndatopa kubisala, Leston," anatero Dyna tsiku lina. "Amayi akufunsa."

Leston anamugwira manja onse awiri. "Uwauze amalume ako. Loweruka lamawa ndibwera ndi akwathu. Ndikapanda kufika, udziwe kuti ndafa. Mkazi wina sindidzamuyang'ana mpaka dothi lindikwirire."

Loweruka lija, amalume ake a Dyna, a Masiye, anafika m'mamawa kuchokera ku Mtsiliza atavala jekete. Amayi anapha nkhuku ziwiri. Anabwereka mipando kwa aneba.

Nthawi ya 10 inakwana. Zii. Dzuwa linafika paliwombo. Zii.

Dyna anaimba kasanu ndi kawiri, foni ikungolira osayankhidwa. Analemba: "Uli kuti, wokondedwa? Anthu akudikira." Analembanso: "Chonde ndiyankhe, ngakhale liwu limodzi." Kodi wachita ngozi? Kodi wadwala? Suja anati akapanda kufika ndiye kuti wafa?

"Mwana wanga, alendo ako aja ali pati?" anafunsa a Masiye, akuyang'ana wotchi.

"Akubwera, amalume. Ndikawachingamire."

Anathamanga, nsapato zatsopano zikumuluma. Anakwera minibasi mpaka m'tauni, kenako kabaza mpaka ku Kawale. Nyumba sankaidziwa. Anafunsa pa okala, anafunsa amayi ogulitsa tomato, anafunsa pa chigayo, thukuta likusungunula ufa wa kumaso.

"Leston wa mfuti? Geti lobiriwiralo."

M'kati mwa mpanda anapeza mayi woyembekezera akuyanika zovala. Pachingwe panali yunifolomu ya kampani yawo.

"Takulandirani, achemwali," anatero mayiyo mwansangala, akumupatsa mpando. "Mukufuna ndani?"

"A Leston. Ndinu alongo awo?"

Mayiyo anaseka mpaka kugwira mimba. "Alongo? Zaka zisanu ndi zitatu m'banja, lero ndasanduka mlongo? Ndine Tusekele, mayi a kunyumba kwawo."

Dyna anayang'ananso yunifolomu ija. Ayi, mwina ndi Leston wina! Ku Kawale kuno a Leston ndi angati? Anatulutsa foni n'kuimbanso nambala ya Leston.

Foni inalira pawindo, pafupi ndi beseni la zovala.

Tusekele anaitenga, n'kuwerenga dzina. "Bambo a Sofiya!" anakuwa. "Dzukani! Abwana anu a kuntchito aja akuimbanso. Chiyambire m'mawa!"

Chitseko chinatsekuka. Leston anatuluka atavala kabudula, akuyasamula. Ataona Dyna, ndi diresi lake latsopano lodzaza fumbi, pakamwa panangokhala yasa. Anayang'ana mkazi wake. Anayang'ana pansi.

"Madamu," anatero, "mwatiyendera. Kuntchito kwagwanji?"

Dyna anafuna kukuwa, kumung'amba malaya, kuwerenga mauthenga onse mokweza kuti Kawale yense amve. Koma Tusekele anali atagwada kale pambali pake, mimba ikumulemera, akumupatsa kapu ya madzi ndi manja awiri.

"Imwani, achemwali. Mwatopa."

Dyna anamwa madziwo, onse. Anabweza kapu, anathokoza, n'kutuluka pageti osacheuka.

Atafika pamsewu foni inanjenjemera m'manja mwake. Anali amalume.

"Nkhuku zazizira kuno. Tiwauze chiyani amayi ako?"

Anakhala pansi m'mbali mwa ngalande, a kabaza akumuzungulira, n'kuyamba kulira.