Kamgolo Kopanda Zilembo

Wendell Skaggs atagwa pahatchi, khamu lonse la m'mbali mwa dambo la Corbet Gap linakuwa ndi chisangalalo. Anagwa mokongola zedi, chagada, chipewa uku lupanga uko. Mayi wina wogulitsa nyama yowotcha anachita kufuula kuti chaka chino Wendell waphunzira kufa.

Amene anamuwombera anali mkazi wake, Darlene. Ndi mmene sewero lankhondoli limathera chaka ndi chaka, Loweruka loyamba la Okutobala. Asilikali apahatchi a malaya otuwa amakumana ndi a malaya abuluu pampanda wamatabwa, monga anachitira makolo awo pa nkhondo yapachiweniweni. Kenako Darlene, tsitsi atalibisa m'chipewa, amatulukira mu utsi n'kugwetsa mtsogoleri wa adani, yemwe ndi mwamuna wake. Anthu a ku Tennessee mungawamane chakudya, koma osati zimenezi.

Lipenga linalira. Akufa onse anadzuka, kusasa fumbi, ena n'kuyamba kufunafuna mafoni awo m'matumba. Wendell sanadzuke.

"Bambo a Josie, nkhondo yatha," anatero Darlene akutsika pahatchi. "Mwayamba ulesi wanu uja? Dzukani, udzu ndi wonyowa."

Anamugwedeza phewa. Dzanja lake linabwerako lofiira, ndipo magaziwo anali otentha, osati a m'botolo aja amadzola ochita sewero. Kulira kumene analira Darlene kunaimitsa ngakhale akavalo.

Pofika madzulo, Wendell anali chikomokere m'chipatala, Darlene ali m'kachipinda ka kupolisi, akadali mu yunifomu yotuwa. Patsogolo pake panakhala Sajeni Lashay Boyd, mayi wamfupi wosathamangira kulankhula. Anaika patebulo kachipolopolo kozungulira kamtovu kamene adotolo anachotsa pachifuwa cha Wendell.

"Mayi Skaggs, ine zamasewera anuwa sindizidziwa. Ndiphunzitseni. Mfuti zimenezi ndi zoseweretsa?"

"Ayi, ndi zenizeni. Amazipanga ku Italiya potengera mavolovolo akale a asilikali apahatchi. Koma ife timangothiramo onga, pamwamba n'kutsekera ndi ufa wa phala la tirigu. Zimangophulika ndi kutulutsa utsi basi."

"Phala silibowola munthu," anatero Boyd. "Anansi anu akuti inu ndi amuna anu mumakangana mpaka agalu kuuwa."

"Alipo amene sakangana ndi mwamuna wake? Timakangana za matawulo onyowa, a Sajeni, osati za imfa!"

"Wendell akapanda kudzuka, mlandu wanu ndi wakupha. Mukundimva?"

Darlene anamva bwinobwino. Anaganiza za Josie, mwana wawo, kutaya bambo ndi mayi tsiku limodzi. Koma mantha ali apo, funso linkamudya: chipolopolo chinalowa bwanji m'mfuti imene anathira yekha onga m'mawa?

"Ndiioneko mfuti yangayo," anatero.

Boyd anabwera nayo m'thumba lapulasitiki, ataimasula kale. Mpope pawokha, chogwirira pachokha, ndi kamgolo kozungulira kaja kokhala ndi mabowo a onga. Darlene anaweramira pafupi, n'kutsinzina, n'kuyang'ananso.

"Kamgoloka si kanga."

"Onse amatero."

"Taonani nokha. Pampopepa pali zilembo za ku Italiya, pachogwirira palinso chidindo chawo. Nanga pakamgolopa zili kuti? Kanga ndi kakuda, kowala, ndipo ndinakadontheza utoto wofiira wopaka zikhadabo kuti kasamasokonekere ndi ka Wendell. Aka n'kotuwa ngati kafukulidwa m'munda."

Boyd anakatembenuza kamgoloko pansi pa nyali. Panalidi malo osalala pamene wina anapala ndi tupa. Anakanunkhiza.

"Viniga?"

"Ndiye amene amakalambitsa chitsulo," anatero Darlene, mawu akutuluka pang'onopang'ono. "Kuti mfuti ya dzulo ioneke ngati ya agogo."

"Ndani angavutikire zimenezo?"

Ha! Funso limenelo akanayankha ngakhale mwana wa m'gulu lawo. Anali Orval Pruitt, mkulu wa ndevu zoyera amene anayambitsa seweroli. Munthuyo sankadya chilichonse chimene asilikali akale sanadye. Mabatani a malaya ake ankasoka pamanja, magalasi a maso anagula a chaka cha nkhondoyo ngakhale sankaona nawo bwino. Analamulira gululo kuyambira pachiyambi, ndipo mkazi sankaloledwa kukwera hatchi. Zaka zingapo zapitazo anthu anatopa naye, n'kusankha Wendell. Pofuna kumupepesa, anamupatsa ntchito yoyendera mfuti za aliyense nkhondo isanayambe, kuonetsetsa kuti mulibe chipolopolo.

"Ndiye kuti m'mawa mfuti yanu inadutsa m'manja mwake," anatero Boyd.

"Anatembenuka nayo kuti aione padzuwa. Kusintha kamgolo sikuchedwa, ndi ngati kusintha batire. Ine ndinali kumanga chishalo."

Lamlungu m'mawa anapita onse kudambo kuja. Apolisi anali ataletsa aliyense kupasula msasa, choncho matenti oyera anali chiimire, anthu akukazinga nyama yankhumba mwakachetechete. Boyd anasiya Darlene kuseri kwa ngolo ya akavalo ndi wapolisi mnzake, iye n'kulunjika kutenti yakumapeto. Asanafike n'komwe anamva kaphokoso, kwee, kwee, kwee.

Pruitt anali pa kampando, tupa m'manja. Ataona yunifomu anaphimba ntchito yake ndi kansalu.

"Pepani a Pruitt, ndakusokonezani. Akuti pamsasa pano mfuti zenizeni zakale muli nazo ndinu nokha."

Nkhalambayo inawongola msana. "Anakunamizani, mayi. Nazonso ndi za ku Italiya. Kungoti ine ndimazilemekeza. Enawa amangonyamula zonyezimira, zilembo zachilendo zili mbee, ngati akupita kuphwando la ana."

"Mumafufuta zonse? Ngakhale timigolo tapadera?"

"Chilichonse. Sindingagone m'tenti imodzi ndi chidindo chimenecho."

"Ndaona," anatero Boyd, n'kukoka kansalu kaja.

Pansi pake panali kamgolo kakuda, kowala. Theka la zilembo linali litapalidwa kale, zinyenyeswazi zachitsulo zili pabondo la Pruitt. M'mbali mwake munali kadontho kofiira. Zoona munthuyu akanatha kukaponya mumtsinje dzulo lomwelo, koma mtima wake sunalole kutaya chitsulo chabwino, komanso sunalole kuchisunga chili ndi zilembo.

"Muli ndi mkazi, a Pruitt?"

"Ndilibe."

"Nanga zikhadabo mumapaka nokha?"

Pruitt anayang'ana kadonthoko, nayandikiza kumaso, nakachotsanso. Ndi magalasi ake akale aja anali asanakaone n'komwe. Anaika tupa pansi bwinobwino, n'kutambasula manja. Unyolo unalira.

Pamene ankamudutsitsa pakati pa matenti, anthu anasiya mapoto awo n'kuima. Darlene anatuluka kuseri kwa ngolo.

"Chifukwa cha mpando, a Pruitt? Mpando wa sewero? Wendell ankakutengani ngati bambo ake!"

Nkhalambayo inaima. Sinaoneke yamanyazi ngakhale pang'ono.

"Chipolopolo ndinaikamo ndine, sindikukana. Ndinkafuna gulu lonse lione chimene chimachitika mfuti ikapatsidwa munthu wosasunga mwambo. Koma lamulo lathu loyamba limati chiyani, mayi Skaggs? Mfuti imaloza kumwamba, pamwamba pa mitu. Chikhala kuti munalitsata, chipolopolocho chikanakagwera m'nkhalango. Inu chaka chilichonse mumaloza pachifuwa pa mwamuna wanu, kuti anthu aseke."

Zinali zoona, ndipo msasa wonse unkadziwa.

Boyd anamukankhira Pruitt m'galimoto n'kutseka chitseko. Foni yake inalira. Anamvetsera kanthawi, kenako anabwerera kwa Darlene.

"Amuna anu atsitsimuka. Dzanja lamanja mwina silidzagwiranso ntchito, koma moyo ulipo. Akufunsa kuti wawachita zimenezi ndani. Ndiwauze kuti ndi Pruitt?"

Darlene anavula chipewa chotuwa chija, tsitsi n'kugwera m'mapewa.

"Musawauze kanthu," anatero. "Ndiperekezeni kuchipatala. Olakwa tilipo awiri, ndipo dzina lachiwirilo akalimve pakamwa panga."