Kandulo ya Noemi Yakana Kuima

Noemi ankakhala pafamu ya ng'ombe ku Texas, m'dziko la America. Ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kupanga kandulo.

Mawa lake linali tsiku lokumbukira omwalira. Patsikuli timaika zithunzi zawo patebulo. Timaika maluwa achikasu. Timayatsa makandulo.

Agogo ake, a Fermin, anamwalira chaka chomwecho. Iwo aja sankagula makandulo, ayi ndithu. Ankapanga okha ndi mafuta a ng'ombe.

"Kandulo ya agogo ndipanga ndine," anatero Noemi.

Bambo ake anali atapha ng'ombe. Ankakonza nyama ya pachifuwa kuti aiwotche. Mafuta anadzaza mbale tho! Noemi anatapa osafunsa.

"Mafuta ndi mafuta," anatero Noemi.

Achimwene ake, a Lalo, anamusungunulira mafutawo pamoto. Noemi anasefa ndi kansalu. Anathira m'chitini. Anaika chingwe pakati. Kenaka anadikira, nadikira, nadikira.

Masana anakhuthula chitini chija. Mayo ine! Kandulo inakana kuima. Inangoti phwata pambale.

Lalo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Iwe, imeneyi ndi kandulo kapena phala?"

"Ndisiyeni, achimwene!" anatero Noemi.

Misozi inalengeza m'maso mwake. Mtima unamuwawa kwambiri. Kodi chithunzi cha agogo chikhala mumdima?

Noemi anathamangira kwa bambo ake.

"Ababa, kandulo yanga yakana kuima."

"Mafuta unatenga pati, mwanawe?"

"Pachifuwa."

"Ohoo! Bwera kuno. Bweretsa chala."

Bambo anaika mafuta awiri pathabwa. Noemi anadina oyamba. Anali ofewa. Chala chinangolowa. Noemi anadina achiwiri. Anali ouma gwa! Chala sichinalowe.

"Awa ndi a ng'ombe ina?" anafunsa Noemi.

"Ayi, ndi yomweyi. Ofewawa ndi a pachifuwa. Sachedwa kusungunuka. Oumawa ndi a m'kati. Amakuta impso."

Noemi anatsegula pakamwa. Anakumbuka! Ng'ombe ikaphedwa, agogo ankakuwa, "Nyama tengani, koma a kuimpso ndi anga!"

"Ababa, agogo ankafuna awa!"

"Eya. N'chifukwa chake ndinawasunga. Manja anga anazolowera kuwasungira agogo ako."

Bambo anayang'ana kumbali. Anapukuta m'maso.

Noemi anayambanso ndi mafuta a kuimpso. Lalo anasungunula. Ulendo uno sanaseke. Noemi anasefa. Anathira m'chitini. Anaika chingwe pakati. Anadikira, nadikira, nadikira.

M'mawa Noemi anagwira chitini. Anagogoda kamodzi. Anagogoda kawiri. Kandulo inatuluka, yoyera mbee!

Anaiika patebulo. Anachotsa dzanja pang'onopang'ono. Inaima! Inaima nji!

"Yaima! Ababa, yaima!"

Mtima wa Noemi unakhala pansi.

"Nanga phala lako lija titaye?" anafunsa Lalo.

"Kutaya? Zosatheka!" anatero bambo. "Mafuta ofewa ndi okoma. Tikandira ufa wa totiya."

Anaphika totiya, timikate topyapyala tija. Agogo ankatikonda zedi. Noemi anaika titatu pambale. Anaika mbaleyo pafupi ndi chithunzi.

Madzulo, onse anaima mozungulira tebulo. Noemi anayatsa kandulo. Nkhope ya agogo inawala.

"Agogo," ananong'ona Noemi, "a pachifuwa mudye. A kuimpso ndi anu, monga kale."